Bilu ya foni yabwera ndi kampani yomwe sindinaisankhe: ndilipire?

Funso: Ndimakhala ku Indiana, ku America. Pakhomo tili ndi foni ya waya chifukwa apongozi anga, amene anabwera kudzatithandiza kulera mwana, foni yam'manja imawavuta. Ndi yomwe amaimbira abale ku Dedza Lamlungu lililonse. Mwezi uno bilu yabwera ya madola 186 pomwe timalipira cha m'ma 45, ndipo pa tsamba lachitatu pali dzina la kampani yomwe sindinaimvepo. Apongozi akuti tsiku lina ine ndili kuntchito kunaimba munthu wonena kuti ndi wa kampani yathu ya foni ndipo akukonza za bilu, iwo n'kumangoti "yes, yes". Ndalamayi banki idzaidula yokha sabata ya mawa. Ndingolipira kuti zithe, kapena pali chomwe ndingachite? Mayi wa ku Indiana.

Yankho: Mayi, musalipire kaye. Lero lomwe imitsani dongosolo loti banki izidula yokha bilu ya foniyo, ndipo tsiku lolipira likafika mupereke gawo lokhalo lomwe simukulitsutsa, la kampani yanu ya masiku onse. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa malamulo a ku America amasiyanitsa kwambiri munthu amene sanalipire ndi amene walipira kale, ndipo inu pakali pano muli ku mbali yabwino.

Zomwe zakuchitikiranizi kumeneko amazitcha slamming, kutanthauza kusamutsa foni ya munthu kuchoka ku kampani yomwe iye anasankha kupita ku ina popanda chilolezo chake. Mawuwa muwasunge, chifukwa ndi amene mudzawatchule poimbira makampani. Mukangoti "bilu yakwera" adzakutumizani kwa anthu ofotokoza mitengo, koma mukati "I was slammed" nkhaniyo imalowa m'njira yomwe lamulo linaikhazikitsa.

Kwa ife okulira kumudzi nkhaniyi ndi yachilendo. Kwathu munthu amagula simu ya TNM kapena Airtel, kuthiramo mayunitsi, basi. Akatha foni imangoduka, palibe amene angakubweretsere bilu m'dzina la kampani ina. Ku America foni ya waya idapangidwa mwina. Mpaka kumapeto kwa 1983 pafupifupi zonse zinali m'manja mwa AT&T. Pa 1 Januwale 1984 kampaniyo idagawidwa: mawaya ofika m'makomo adapita ku makampani asanu ndi awiri a m'zigawo, ndipo ntchito yotumiza mafoni akutali idatsegulidwa kuti MCI, Sprint ndi ena apikisane ndi AT&T. Kuyambira pamenepo waya umodzi ukhoza kukhala ndi makampani angapo. Ina ndi mwini wa waya wolowa m'nyumba mwanu, imene imakupatsani mafoni a m'dera lanu. Ina ikhoza kunyamula mafoni a patali pang'ono m'chigawo chomwecho, ndipo ina mafoni opita ku maboma ena (ma state, monga Indiana) ndi kunja kwa dziko. Mu kompyuta ya kampani ya wayayo muli nambala yosonyeza amene amanyamula mafoni anu akutali, yomwe iwo amaitcha PIC. Apongozi anu akadina 011 265, makinawo amayang'ana nambala imeneyo n'kupereka foniyo kwa mwini wake. Wakuba safunika kufika pakhomo panu kapena kugwira waya. Amangotumiza uthenga ku kampani ya waya wonena kuti mwini nambala yakuti wasankha ife.

Mwina mukudzifunsa chifukwa chomwe kampani yanu sinakuimbireni kuti itsimikize. Lamulo lenilenilo limailetsa kutero. Opanga malamulo ankaopa kuti kampani ya waya, ikapatsidwa mpata woimbira aliyense wofuna kusamuka, idzagwiritsa ntchito mpatawo kumunyengerera kuti asachoke. Choncho udindo wotsimikiza adauika pa kampani yomwe ikulanda kasitomala, osati yomwe ikusintha nambala mu kompyuta. Mpata umenewu ndi womwe achinyengo akhala akudutsiramo kwa zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1990 ankagwiritsa ntchito mafomu a mpikisano wopambana galimoto, omwe pansi pake panali timalemba ting'onoting'ono tovomereza kusintha kampani, kapena macheke a ndalama zochepa omwe ukangosayina kumbuyo ndiye kuti wasamuka. Kampani ina ya ku Texas idafika polembetsa mayina ngati "I Don't Care" ndi "It Doesn't Matter", n'cholinga choti munthu akafunsidwa ndi opareta kampani yomwe akufuna n'kuyankha mawu amenewo, foni yake ipite kwa iwo. Masiku ano njira yofala ndi yomwe anachitira apongozi anu, yonamizira kukhala kampani yanu. Amakonda okalamba, eni timabizinesi ting'onoting'ono ndi anthu obwera omwe Chingerezi cha pa foni chimawathamangira.

Bilu yakwera chonchi chifukwa mtengo wabwino woimbira kunja womwe munagwirizana ndi kampani yanu unatha tsiku lomwe anakusamutsani. Mphindi iliyonse ya ku Dedza kuyambira tsikulo aiwerengera pa mtengo wawo, ndipo n'kutheka kuti aonjezerapo ndalama ya pamwezi ndi ina yosamutsira.

Tsopano za lamulo. Mu 1996 nyumba ya malamulo ya ku America idapanga Telecommunications Act, yomwe idaika ndime 258 m'lamulo la zamtokoma. Ndimeyi imaletsa kampani kusintha foni ya munthu popanda kutsatira njira zotsimikizira zomwe bungwe la FCC lakhazikitsa. FCC ndi bungwe loyang'anira mafoni ndi mawailesi kumeneko, monga MACRA kwathu. Malamulo ake amati ngati mwasamutsidwa popanda chilolezo ndipo simunalipire, simuyenera kupereka kalikonse pa mafoni a masiku 30 oyamba chisamutsireni. Osati kwa akubawo, osatinso kwa kampani yanu yeniyeni. Mafoni oimbidwa masiku 30 atadutsa mumalipira kwa kampani yanu, pa mtengo wake, osati pa mtengo wa olandawo. Ndalama yosamutsira ndi yobwezeretsera nayonso si yanu.

Kwa amene walipira kale zimayenda mwina. Kampani yolandayo imalamulidwa kupereka kwa kampani yanu 150 pa 100 iliyonse ya ndalama yomwe inakudyerani, ndipo kampani yanu imakubwezerani theka la zomwe munalipira. Tinene kuti munapereka madola 100: olandawo apereke 150, inu mulandirepo 50. Muthanso kupempha kampani yanu kuti iwerengere mafoni onsewo pa mtengo wake, ndipo ngati kusiyanako kukuposa theka, ikafune ndalama yotsalayo. Kwa munthu woimbira ku Malawi njira yachiwiriyi nthawi zambiri imapindulitsa, chifukwa mitengo ya kunja ndi yomwe imasiyana kwambiri. Koma pali pomwe pamapweteka. Kampani yanu imakubwezerani pokhapokha olandawo akaipatsa ndalamayo. Akapanda kupereka m'masiku 45, iyo imangokudziwitsani kuti zakanika ndi kuti muli ndi ufulu wokalondola nokha. Makampani ambiri ochita zimenezi ndi ang'onoang'ono, ongogula mphindi kwa akuluakulu n'kumagulitsa, ndipo ena amatseka n'kukatsegula ndi dzina lina. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Madola amene akadali ku banki kwanu ndi anu. Akangochoka mudzayamba kudikira chifundo cha amene anakuberani.

Ndiye muyambire apa. Tengani foni ya m'nyumbayo, osati yam'manja, muimbe 1-700-555-4141. Ndi yaulere, ndipo makina adzakuuzani dzina la kampani yomwe ikunyamula mafoni anu akutali pakali pano. Kenaka dinani 1, nambala zitatu za dera lanu, ndi 700-4141, mumve ya mafoni a patali pang'ono, chifukwa achinyengo amakonda kutenga zonse ziwiri. Mukatero imbirani kampani ya waya. Auzeni kuti munasamutsidwa popanda chilolezo, kuti akubwezereni komwe munali, achotse ndalama yosamutsira, alembe kuti gawo la kampani yachilendoyo mukulitsutsa, ndipo akuuzeni tsiku lenileni lomwe kusinthako kunachitika. Tsikulo ndi lofunika chifukwa masiku 30 aja amayambira pamenepo. Ngati mafoni akutali munkalipira ku kampani ina yosiyana ndi ya waya, iimbireni nayonso, ndipo munene mwachindunji kuti mukufuna mtengo womwe uja woimbira kunja. Ambiri amaiwala pamenepa: amabwezeredwa ku kampani yawo koma pa mtengo wamba, mwezi wotsatira bilu n'kubweranso yolemera. Pomaliza imbirani olandawo pa nambala yomwe ili pa bilu. Musakangane nawo ndipo musavomere kuchotseredwa theka. Auzeni kuti simunawalole ndipo achotse ndalama zonse za masiku 30 oyamba. Pa foni iliyonse lembani tsiku, nthawi, dzina la amene mwalankhula naye ndi nambala ya nkhani yanu. Mpaka nambala ya 700 ija itatchula kampani yanu, apongozi aimbire ku Dedza pa foni yanu yam'manja.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pomwe anthu athu ambiri amagwera. Mukauza olandawo kuti simunawalole, lamulo limawakakamiza kuchotsa ndalama za masiku 30 aja pa bilu. Munthu amaona bilu yatsika, mtima n'kukhala pansi, nkhani n'kuiwala. Komatu kuchotsako n'kongoyembekezera. Kampaniyo ili ndi ufulu wotsutsa zonena zanu, ndipo ikatero imakudziwitsani kuti mukadandaule ku boma m'masiku 30. Mukapanda kudandaula m'nthawi imeneyo, ndalama zija amazibwezera pa bilu ndipo ufulu wosalipira uja watha. Choncho musadikire kuti mumve ngati atsutsa kapena ayi. Lembani dandaulo sabata yomwe ino.

Dandaulo ndi laulere ndipo silifuna loya. Maboma ambiri a ku America amaweruza okha nkhanizi kudzera m'bungwe lawo loyang'anira magetsi, madzi ndi mafoni. Kumene boma silitero, amaweruza ndi a FCC. Imbani 1-888-225-5322 kapena lowani pa consumercomplaints.fcc.gov ndipo adzakuuzani komwe dandaulo la m'dera lanu limapita. Mulembemo dzina lanu ndi adiresi, nambala ya foni yomwe inasamutsidwa, mayina a makampani onse, tsiku lomwe munasamutsidwa, ndalama yomwe mukutsutsa, kuti simunalipire, ndi zomwe mukufuna zichitike. Ikanipo chithunzi cha bilu. Lifike m'dzina lanu inu mwini akaunti. Apongozi ndi mboni chabe. Ndikudziwa kuti ambiri a ife tikakhala kunja timaopa chilichonse chokhudza ofesi ya boma, ndipo achinyengowa amadalira mantha amenewo. Iyi ndi nkhani ya foni ndi bilu, ndipo wofunsidwa mafunso ndi kampani.

Dandaulo likafika, kampaniyo imapatsidwa masiku 30 kuti ibweretse umboni woti munavomera. Onani kuti si inu wofunika kutsimikiza kuti simunalole. Ndi iwo ofunika kusonyeza kuti munalola, ndipo akapanda kuyankha lamulo limatenga kuti alakwa. Umboni wovomerezeka ndi wa mitundu yochepa: kalata yosayinidwa pa pepala kapena pa intaneti, chivomerezo choperekedwa pa nambala yaulere kuchokera pa foni yomwe ikusamutsidwayo, kapena mawu ojambulidwa ndi kampani ina yoima payokha yotsimikizira. Umboniwo amayenera kuusunga zaka ziwiri. Kalatayo siyenera kusakanizidwa ndi fomu ya mpikisano, ndipo ngati mbali yake ina yamasuliridwa m'chilankhulo china, yonse iyenera kumasuliridwa.

Kwa inu adzabweretsa mawu ojambulidwa, ndipo mudzamva apongozi akuti "yes". Musataye mtima ndi zimenezo, koma musadzinamizenso kuti alibe pogwira. Ngati anafunsidwa ngati ali ndi mphamvu yosintha za foniyo n'kuvomera, kampaniyo idzakakamira pamenepo. Chomwe chingakupulumutseni chili pawiri. Choyamba, wotsimikizirayo ali ndi mafunso omwe ayenera kufunsa: amene akulankhula ndi ndani, ngati ndi wololedwa kusintha kampani, ngati akufunadi kusintha, ngati akumvetsa kuti uku n'kusintha kampani osati kukonza bilu kapena kuonjezera zina pa zomwe ali nazo kale, nambala yomwe ikusamutsidwa, ndi mtundu wa mafoni okhudzidwa. Wogulitsa, amene anaimba poyamba uja, amayenera kuchoka pa foni kutsimikizako kukayamba, ndipo zonse zijambulidwe popanda kudula. Makampani ambiri amagwa pa limodzi mwa mafunso amenewa, makamaka lija losiyanitsa kusintha kampani ndi kukonza bilu. Chachiwiri ndi champhamvu koposa. Mu 2018 FCC idakhazikitsa lamulo loti ngati wogulitsa ananama pa chinthu chachikulu, chivomerezo chonse chimafafanizidwa ngakhale mawu ojambulidwawo atamveka bwino chotani. Kudzitcha wa kampani yanu pomwe sali ndi bodza la mtundu umenewo. Wodandaula akafotokoza momveka bwino za bodzalo, kampani ndiyo imafunika kusonyeza kuti silinanenedwe. Lamulo lomwelo limati kampani yopezeka ikuchita zachinyengo pa mawu ojambulidwa, monga kudula "yes" wa funso lina n'kumumata pa funso lina, imaletsedwa kugwiritsa ntchito njirayo kwa zaka zisanu.

N'chifukwa chake ndikupemphani kuti mukhale pansi ndi apongozi madzulo ano, mofatsa, akufotokozereni zonse m'Chichewa inu mukulemba. Munthuyo anadzitchula kuti ndani? Anati waimbiranji? Anatchula zosintha kampani? Analankhula munthu mmodzi kapena anawapatsira wachiwiri? Linali tsiku lanji, m'mawa kapena masana? Zimenezi ndiye mtima wa dandaulo lanu, ndipo pakapita masabata zimayamba kuiwalika. Muonjezeremo kuti iwo si eni akaunti, simunawapatse mphamvu yosintha chilichonse, ndipo Chingerezi amamva pang'ono. Chonde musawadzudzule. Analeredwa kuti mlendo akalankhula mwaulemu umamuyankha mwaulemu, ndipo "yes" wawo anali "ndikumva" wa kwathu, osati "ndavomera". Woimbayo amadziwa bwino lomwe kusiyana kumeneku ndipo ndi komwe amadyera. Mukawachititsa manyazi adzayamba kuopa foniyo, pomwe ndi yokhayo yowalumikiza ndi kumudzi.

Mukabwezeredwa, pemphani kampani ya waya kuti itseke nambala yanu. Amati preferred carrier freeze, ena amangoti PIC freeze. Ikatsekedwa, uthenga wochokera ku kampani ina sungasinthe kanthu mpaka inu mwini mutavomera polemba kapena polankhula ndi kampani ya wayayo. Kutsekaku kumachitika pa mtundu uliwonse wa mafoni paokha, choncho nenani kuti atseke zonse, ndipo funsani ngati pali cholipira. Mudzangokumbukira kutsegula tsiku lomwe mudzafune kusamuka mwakufuna kwanu. Ena amasankha kuchotseratu kampani ya mafoni akutali pa waya wawo n'kumaimbira kumudzi pa WhatsApp kapena pa khadi. Kwa apongozi anu sindikulimbikitsani zimenezo, popeza ubwino wa foniyo kwa iwo ndi woti amangodina nambala n'kumva mawu a abale.

Biluyo muiwerengenso mzere ndi mzere. Pali chinyengo china, mphwake wa chomwechi, chotchedwa cramming, chomwe ndi kulowetsa pa bilu tindalama ta zinthu zomwe simunapemphe, tobisika m'mayina omveka ngati a msonkho kapena a ntchito wamba. Nachonso n'choletsedwa, ndipo mukachipeza muchilembe m'dandaulo lomwelo. Malamulo amafuna kuti bilu ionetse poyera pakabwera kampani yatsopano, ndiye ngati dzinalo linakwiriridwa pa tsamba lachitatu popanda chenjezo lililonse, nenaninso zimenezo. Akakutumizirani kalata ya otolera ngongole, musainyalanyaze: ayankheni polemba m'masiku 30 kuti ngongoleyo mukuitsutsa, muikepo nambala ya dandaulo lanu.

Zonse ndafotokozazi ndi za foni ya waya yachikale. Malamulowa sanalembedwere foni yam'manja, ndipo amene foni yawo ya m'nyumba imadutsa m'kabokosi ka intaneti asadalire masiku 30 aja. Kuba nambala yam'manja, komwe wina amasamutsira nambala yanu pa simu yake kuti azilandira mauthenga a ku banki, ndi mlandu wina woopsa koposa, ndipo uli ndi malamulo akeake omwe FCC idavomereza mu 2023. Inu, popeza pa bilu pali kampani yachiwiri ya mafoni akutali, zikuoneka kuti muli pa waya weniweni. Mu 2025 FCC idayamba kuunikanso malamulo a slamming n'cholinga chowafewetsa, poona kuti mafoni a waya akuchepa, choncho mukamaimba nambala yawo ija funsaninso tsiku lomaliza lomwe dandaulo lanu liyenera kukhala litafika, mulilembe pa kalendala.

Apongozi muwaphunzitse chiganizo chimodzi chokha cha Chingerezi chonena kuti mwini foni kulibe, aimbenso madzulo, ndipo akanena adule osadikira yankho. Kwathu kudula foni munthu akulankhula ndi mwano, ndiye muwauze kuti inu ndi amene mwawapempha kutero. Bilu za miyezi iwiri ikubwerayi muzilipire ndi manja, mutaziwerenga, ndipo dongosolo la banki lija mudzalibwezeretse mukadzaona kuti dzina lachilendolo lachoka ndipo mphindi za ku Dedza zabwerera pa mtengo wakale.